Mphekesera ya Ndege ya B-2 ndi Mphamvu Yokoka ya Dziko

B-2 Spirit ndi ndege yankhondo ya dziko la America yoponya mabomba, yopangidwa mwanjira yoti makina a rada asamaione msanga. Kuyambira m'ma 1990 pakhala mphekesera yoti ndegeyi ili ndi luso lobisika lothetsa mphamvu imene dziko limakokera zinthu pansi, moti imayandama popanda kudalira kwenikweni mapiko. Palibe umboni wotsimikizira zimenezi, koma nkhaniyi siitha. Kuno imafika kudzera m'timavidiyo ta pa WhatsApp, TikTok ndi Facebook, ndipo kwa munthu wa ku Chinyonga kapena ku Ndirande amene anakula akumva za lichero lonyamula anthu usiku, ndege youluka mwa mphamvu yosaoneka si nkhani yachilendo m'makutu.

Ndegeyi

Kampani ya Northrop inaionetsa poyera koyamba pa 22 November 1988 ku Palmdale, California, ndipo inauluka koyamba pa 17 July 1989. Zinapangidwa 21 zokha, iliyonse pa mtengo wa pafupifupi madola 2 biliyoni powerengera ndi ndalama zofufuzira. Ilibe mchira ngakhale thunthu looneka padera. Ndi phiko limodzi lotambalala mamita 52, lokhala ndi injini 4 za General Electric zobisidwa m'kati, ndipo amaiyendetsa anthu awiri. Kwawo ndi ku Whiteman, m'chigawo cha Missouri.

Mawonekedwe odabwitsawa ndi akale. Mu 1947 Jack Northrop anali kale ndi ndege ya phiko lokhalokha yotchedwa YB-49, yotambalala chimodzimodzi, koma inkagwedezeka kwambiri. Chimene chinasintha ndi makompyuta, omwe amakonza kaulukidwe ka B-2 mphindi iliyonse. Kubisala kwake kumachokera ku kapangidwe komwaza mafunde a rada kuti asabwerere kumene achokera, utoto womeza ena mwa mafundewo, ndi kuziziritsa utsi wa injini. Masamu ake enanso sanali achinsinsi: katswiri wa ku Soviet Union, Pyotr Ufimtsev, anawasindikiza mu 1962, ndipo a kampani ya Lockheed anawagwiritsa ntchito popanga ndege ya F-117.

Gwero la mphekesera

Muzu wake ndi Thomas Townsend Brown, wa ku America, yemwe anabadwa mu 1905 n'kumwalira mu 1985. M'ma 1920 iye anaona kuti zitsulo ziwiri zosiyana kukula zikapatsidwa magetsi amphamvu kwambiri, chipangizo chonsecho chimakankhikira mbali ya chitsulo chaching'ono. Anakhulupirira kuti wapeza ubale pakati pa magetsi ndi mphamvu yokoka ya dziko, ndipo moyo wake wonse anayesa kukopa asilikali kuti aikepo ndalama.

Mu March 1992 magazini ya Aviation Week & Space Technology inalemba kuti B-2 imaika magetsi kutsogolo kwa phiko ndi mu utsi wa injini zake. Magaziniyo inkanena za kubisala. Koma wolemba wina, Paul LaViolette, anatenga mfundoyo n'kuilumikiza ndi maganizo a Brown, ndipo mu 1993 analemba kuti ndegeyi imadzikoka yokha ndi magetsi. Buku la Nick Cook la mu 2001, The Hunt for Zero Point, linawonjezera moto, makamaka popeza Cook anali mtolankhani wa magazini yolemekezeka ya Jane's Defence Weekly. Anthu amatchulanso Eugene Podkletnov, amene anati ku Tampere, Finland, anachepetsa kulemera kwa zinthu ndi 2 peresenti pozunguza chimbale chozizira kwambiri. Akatswiri a NASA anayesa, osapeza zimene iye ananena.

Okhulupirira ali ndi chifukwa chimodzi chomveka: boma la America limabisadi zinthu. F-117 inauluka kuyambira 1981 koma anaivomera mu 1988, ndipo zikalata za CIA zotchula malo achinsinsi a Area 51 zinatulutsidwa mu 2013. Amene wabisa kawiri sakhulupirika akakana kachitatu. Komabe kubisa ndege n'kosiyana ndi kuthetsa lamulo lachilengedwe.

Zimene kuyesa kunaonetsa

Chipangizo cha Brown chimagwiradi ntchito, ndipo wophunzira wa zamagetsi pa MUBAS, pafupi ndi Chinyonga pomwepa, akhoza kuchipanga. Amamanga timitengo topepuka m'makona atatu, n'kukuta m'munsi ndi kapepala konyezimira ka aluminiyamu, n'kuzunguliza kawaya kowonda ngati tsitsi pamwamba pake. Akalumikiza ma volt oposa 20,000 (a m'nyumba ndi 230 okha, choncho si zoseweretsa ana), kachipangizoko kamalira kuti tsss, n'kunyamuka pa tebulo. Ukaika dzanja chapatali pansi pake umamva kamphepo. Kamphepoko ndiye yankho lonse. Magetsi amapatsa mphamvu tizigawo ta mpweya tozungulira waya, tizigawoto timathamangira kukapepala kaja tikukankha mpweya wina pansi, ndipo chipangizocho chimakwera. Akachiika m'chibokosi chopopedwa mpweya wonse, chimangokhala phee. Katswiri wina, Martin Tajmar, anasindikiza zotsatira zogwirizana ndi zimenezi mu 2004.

Mu 2018 gulu la Steven Barrett pa sukulu ya MIT linalengeza kuti laulutsa kandege kopanda chopukusa chilichonse pogwiritsa ntchito kamphepo komweka. Kankalemera makilogalamu 2.45 ndipo kanauluka mamita 60 m'holo ya masewero. B-2 yodzaza imapitirira matani 150.

Mbiri ya ndegeyi nayo imatsutsa mphekeserayi. Mu 2001 ina inauluka maola 44 pa ulendo wa ku Afghanistan, ikumwetsedwa mafuta m'mwamba kangapo ngati ndege ina iliyonse yaludzu. Pa 23 February 2008 ina inagwa ikunyamuka pa chilumba cha Guam. Chinyezi chinalowa m'tizipangizo toyeza mpweya, kompyuta inalandira manambala olakwika, ndegeyo inadzutsa mphuno mopitirira, mapiko analephera kuinyamula ndipo inagwera pansi n'kupsa. Oyendetsa onse awiri anapulumuka podziponya kunja. Ikanakhala ndi luso lothetsa kulemera, pamenepo m'pamene likanaonekera.

Ngakhale ku malo ofufuzira sayansi a CERN, kumene ena ankayembekeza kuti tizinthu totchedwa antimatter tingakwere m'mwamba, anapeza mu 2023 kuti nato timagwa pansi. B-2 imauluka mofanana ndi ndege zonyamula anthu zimene zimatera pa Chileka: injini zimaikankha, mapiko amatembenuzira mpweya pansi, ndipo mafuta akatha imatsika.