Mmene Tchalitchi Chinalowera pa Chimbale

Nkhaniyi inayambira ku Venice, m'dziko la Italy, magetsi asanadziwike. Kuyambira nthawi ya Adrian Willaert, amene anayamba kutsogolera nyimbo m'tchalitchi cha San Marco mu 1527, oimba ankagawidwa m'magulu oyankhana. Pofika nthawi ya Giovanni Gabrieli, yemwe anamwalira mu 1612, gulu lina linkayamba kuno, lina n'kulandira uko, malipenga n'kulowererapo, mawuwo n'kumagunda zipupa ndi denga asanafike m'khutu. Wopemphera sankamva nyimbo kuchokera kutsogolo kokha. Inkamuzinga, chifukwa nyumbayo nayonso inkaimba.

Makina ojambula mawu atabwera, mbali imeneyi ndiyo inatayika. Galamafoni inkatulutsira kwaya yonse pakamwa pamodzi. Mu 1931 Alan Blumlein, injiniya wa kampani ya EMI ku England, analembetsa njira yake ya sitiriyo, koma zimbale za sitiriyo zinadzafala kuyambira mu 1958. Kumanzere ndi kumanja kunapezeka, koma kumbuyo kunali zii.

M'zaka za m'ma 1970 makampani anayesa masipika anayi. Katswiri woimba limba, E. Power Biggs, anapita ku Freiburg ku Germany, kumene tchalitchi chachikulu chili ndi malimba anayi otheka kuwaliza munthu ali pampando umodzi, n'kujambula nyimbo za Bach. Vuto linali lakuti aliyense ankakokera kwake: CBS inali ndi njira yake yotchedwa SQ, Sansui inali ndi QS, JVC inali ndi CD-4. Ogula anagwa ulesi, ndipo zakazo zisanathe malondawo anafa.

Thandizo linadzachokera ku mafilimu. Mu 1992 filimu ya Batman Returns inatuluka ndi Dolby Digital, njira ya 5.1: masipika atatu kutsogolo, awiri kumbuyo, ndi imodzi ya mawu ogunda pansi. DVD itayamba kugulitsidwa ku Japan mu 1996, inanyamula njira yomweyi pa chimbale cha 4.7 GB. Zimene anazikonzera mfuti ndi magalimoto a m'mafilimu zinapezeka kuti zikuyeneranso limba ndi kwaya.

Komabe ntchito yeniyeni ili m'tchalitchimo. Wojambula amaimika maikolofoni atatu moyang'ana oimba, ena awiri chakumbuyo, m'mwamba, kuti agwire mawu obwerera kuchokera ku zipupa. Akawasendeza kwambiri kumbuyo, mawu a nyimbo samveka bwino. Akawayandikiza, nyumbayo imasowa. Mapemphero ali mkati palibe zobwereza: mwana akalira, benchi ikalira, gogo akatsokomola, zonse zimalowa m'masipika akumbuyo, pomwe pali khutu la womvera. Paipi ya limba yotalika mapazi 32 imalira pafupifupi pa 16 Hz, mawu omveka m'chifuwa kuposa m'khutu, ndipo sipika yaing'ono siiwatha. Wojambulayo amajambulanso pa 48 kHz, mlingo wa vidiyo, osati 44.1 kHz ya CD, ndipo wina amawomba m'manja kamodzi kutsogolo kwa kamera kuti milomo ndi mawu zidzagwirizane pa kompyuta.

DVD inali ndi chilema chake. Kuti mawu a masipika asanu ndi imodzi akwane pamodzi ndi chithunzi, Dolby Digital imawafinya, osapitirira 448 kbps, ndipo zina zimatayika. Zimbale za SACD za Sony ndi Philips mu 1999, ndiponso DVD-Audio mu 2000, zinathetsa vutoli, koma zinkafuna makina akeake ndipo ogula anali ochepa. Blu-ray ya mu 2006, ya 25 GB, ndiyo inapereka malo okwanira mawu osafinyidwa.

Amene anaigwiritsa bwino ntchito ndi Morten Lindberg wa kampani ya 2L ku Norway. Iye amajambulira m'matchalitchi, ndipo nthawi zambiri amaika oimba mozungulira maikolofoni. Chimbale cha Lux, cha kwaya ya atsikana ya tchalitchi chachikulu cha Nidaros ku Trondheim, chinamupezera mphoto ya Grammy mu 2020.

Lero zimbale zikuchepa m'masitolo, ndipo nyimbo zoterezi zasamukira pa intaneti, monga pa Apple Music imene inayamba kupereka mawu ozinga womvera a Dolby Atmos mu 2021. Chonyamulira chasintha kangapo konse, koma wojambula akadayendabe m'tchalitchi anthu asanafike, akuwomba m'manja ndi kutchera khutu, kufuna malo oimika maikolofoni.