Mau a pa Wailesi ndi Phiri la ku Mbuzini

Munthu wa ku Dedza adziwa bwino m'mene nkhungu imabisira phiri. M'nyengo ya chisanu phiri la Dedza limasowa ndithu, ngakhale msinkhu wache upitirira mapazi 7,000. Woyenda pansi akasokera amaima nafunsa njira, koma woyendetsa ndege sangathe kuima m'mwamba. Iye akhulupirira zipangizo zache ndi mau a mlonda wokhala mu nsanja pa bwalo la ndege, amene amamuuza pa wailesi msinkhu umene aloledwa kutsikira. Mauwo amanenedwa m'Chingelezi, ndipo liu limodzi likamveka mokhota, ndege imakomana ndi phiri.

Zotere zinaoneka ku Kuala Lumpur, m'dziko la Malaysia, mu 1989. Mlonda analoleza ndege ya katundu kutsikira pa mapazi 2,400. Koma m'Chingelezi liu lakuti "ziwiri" limveka chimodzi-modzi ndi liu lakuti "kufikira", choncho oyendetsa anamva 400. Anagunda chitunda, nafa onse anai amene anali m'ndegemo. Chodabwitsa nchakuti ndegeyo inali ya Aamereka, eni chinenerocho.

Kuno kwathu nkhani yaikulu ndi ya 1986, chaka chimene anthu ambiri a ku Angonia anathawira ku Dedza chifukwa cha nkhondo ya ku Mozambique. Pa 19 October chaka chomwecho Pulezidenti wao, Samora Machel, anali kubwerera ku Maputo kuchokera ku msonkhano wa ku Mbala, kumpoto kwa Zambia. Ndege yache inali ya mtundu wa Tupolev 134, ndipo oyendetsa anali a ku Soviet Union. Pakati pao analankhulana Chirasha. Chingelezi chinali cha pa wailesi pokha.

Nthawi itapitirira 9 koloko usiku, mlonda wa ku Maputo anawaloleza kutsikira pa mapazi 3,000, nati amuuze akafika pamenepo kapena akaona nyali za poterapo ndege. Koma ndege iri mkati motsika, inakhotera ku dzanja lamanja, nilunjika ku mapiri a Lebombo. Oyendetsa sanazindikire kuti ataya njira. Atafika pa mapazi 3,000 anauza mlonda kuti akhala pa msinkhu umenewo, komatu ndege inapitirirabe kutsika.

Pamenepo panabuka kusamvana. Kutsogolo kunali mdima wokha-wokha, ndipo mkulu wa oyendetsa anayesa kuti magetsi azima ku Maputo. Tsono wa wailesi anapempha mlonda kuti ayang'ane ngati nyali zayaka. Mlonda sanagwire tanthauzo la pempholo. Anayankha monga ngati oyendetsa aziona kale nyalizo, nawaloleza kutera poyang'ana ndi maso. Wina anali kufunsa, mnzache anamva ngati auzidwa. Palibe mmodzi wa iwo amene anaima kunena poyera kuti ndege ikwere msanga. Chipangizo chochenjeza kuti nthaka yayandikira chinalira masekondi 32, koma oyendetsa sanakweze ndege. Inagwa ku Mbuzini, m'dziko la South Africa, kufupi ndi malire a Mozambique ndi Swaziland, amene lero achedwa Eswatini. Anthu 35 anafa, pamodzi ndi Machel.

Chinakhotetsa ndege nchiani? Pamenepa ndipo pagona mkangano. Bwalo lofufuza la South Africa, lotsogozedwa ndi woweruza Cecil Margo, linapeza kulakwa mwa oyendetsa: linati anatsata chizindikiro cha wailesi cha bwalo la Matsapha ku Swaziland mosadziwa, natsika kupyola msinkhu wololedwa asanaone nyali. A ku Soviet Union anakana, nati chizindikiro chonama chinaikidwa dala kuti chisokeretse ndege. Ambiri anakhulupirira zimenezi, pakuti boma la tsankho la masiku aja linali mdani wa Machel. Mu 1998 bungwe la choonadi ndi chiyanjano la South Africa linafufuzanso, koma silinamalize mlandu.

Mu January 1999 Nelson Mandela ndi Joaquim Chissano anatsegula chikumbutso pa chitunda cha Mbuzini. Pamenepo paimikidwa mipope yachitsulo 35, umodzi wa munthu ali yense amene anafa, ndipo mphepo ikaomba mipopeyo imalira.