Banja Limene Linasowa Tulo

Kwa mibadwo ingapo, banja lina la kufupi ndi mzinda wa Venice ku Italy linkaona maliro odabwitsa. Munthu akafika zaka za m'ma 50, tulo tinkamuthawa, thukuta lili kamukamu, nzeru n'kusokonezeka, ndipo pakapita miyezi ankatsikira kulichete.

M'chaka cha 1984, bambo wina wa m'banjamo anapita ku Bologna kwa Dokotala Elio Lugaresi, katswiri wa za tulo. Atamwalira, ubongo wake unatumizidwa kwa Dokotala Pierluigi Gambetti ku Cleveland, m'dziko la America. Iyeyu anapeza kuti mbali zambiri za ubongowo zinali bwino, koma maselo ochuluka a mu thalamus, kachigawo ka pakatikati pa ubongo, anali atafa.

Kale akatswiri ambiri ankayesa thalamus ndi mthenga chabe, wongolandira mauthenga a maso, makutu ndi khungu n'kuwapititsa kwina. Zimene madokotalawa anafalitsa mu 1986 zinasonyeza kuti popanda kachigawoka tulo sitibwera, maganizonso sakhazikika. Mu 1992 kunadziwika kuti gwero la nthenda yakumtunduyi ndi chilema cha jini ya puloteni yotchedwa prion. Mankhwala ochiza sanapezekebe mpaka lero.