Mabokosi Amene Anabweretsa Zamrock Kum'mawa

Mu October 2024, Tyler, the Creator wa ku America anatulutsa nyimbo yochedwa "Noid", ndipo ambiri a ife tinadzidzimuka kumva Cinyanja cikutuluka pakati pake. Mauwo anali a gulu la a Paul Ngozi, Ngozi Family, otengedwa m'nyimbo ya "Nizakupanga Ngozi" ya pa cimbale ca 45,000 Volts ca mu 1977. Tinaimvera pa mafoni, ena pa kasipika ka Bluetooth kokwana m'thumba la buluku. Tinanyada, ndipo m'pomveka. Koma nyimboyo sinapangidwire tumasipika totere. Amene anaigula ili yatsopano anali kuimvera pa mabokosi oima pansi, ena ofika m'ciuno mwa munthu wamkulu, oti ukaika kapu ya madzi pamwamba madziwo anali kunjenjemera. Za oimba a Zamrock zakambidwa kwambiri. Za mabokosiwa sitikambako kawirikawiri, comweco ndiwo anafikitsa nyimbozo kwa anthu a ku Nyimba ndi ku Petauke amene sanaonepo gulu lililonse la Zamrock ndi maso.

Zamrock inabadwira ku Migodi ndi ku Lusaka. WITCH ya a Emmanuel "Jagari" Chanda inacokera ku Kitwe, cimodzimodzi Amanaz, amene cimbale cao ca Africa cinatuluka mu 1975, caka comwe WITCH inatulutsa Lazy Bones!! A Paul Ngozi anakulira m'Chibolya. Mbale zinali kudindidwa ku Teal Record Company ku Ndola, ndipo a Edward Khuzwayo a Zambia Music Parlour ndiwo anali kutulutsa ndi kugulitsa zambiri mwa izo. Kucoka ku Lusaka kufika pa Nyimba ndi makilomita oposa 300, ku Petauke ndi pafupifupi 400, kudutsa mapiri a Manenekela ndi mlatho wa Luangwa. Mbale zinali kuyenda ulendo umenewu pa basi ya UBZ, m'sutukesi ya mwana amene wabwera pa chuti kucokera ku mgodi, kapena ya mphunzitsi amene wangotumizidwa kumene ku sukulu ya kumudzi. Mwini wanzeru anali kuziika pakati pa malaya. Kutentha kwa m'cigwa ca Luangwa mwezi wa October kumapinda mbale, ndipo mbale yopindika nsingano imangodumphadumpha.

Kumvera pagulu kunali kale m'magazi. Mu 1949 kunabwera kawailesi kochedwa Saucepan Special, kopangidwa ndi kampani ya Ever Ready pa pempho la Harry Franklin wa Central African Broadcasting Station ku Lusaka. Kanali kugulidwa mapaundi 5, batire lake padera, ndipo kamodzi kanali kukwanira khonde lonse la anthu omvera a Alick Nkhata. Pambuyo pa ufulu kunabwera mawailesi ndi marediyogilamu a Supersonic, amene ITT inali kupanga ku Livingstone. Rediyogilamu inali ngati kabati: wailesi, coimbira mbale ndi masipika, zonse m'bokosi limodzi lopolishidwa, nsalu yoluka pamwamba, ana osaloledwa kukhudza. Pakati pa zaka za m'ma 1970 a Kaunda atalamula kuti nyimbo 95 pa 100 zilizonse za pa wailesi zikhale za muno m'Zambia, munthu wa ku Minga kapena ku Kacholola anayamba kumva magitala aukali aja pa Radio Zambia, n'kufuna kukhala nazo mbalezo.

Vuto linali malaiti. Anali pa boma ndi m'nyumba zowerengeka. Kwina konse nyimbo zinali kudya mabatire: a toci omangidwa pamzere m'kanyuzipepala, kapena batire la motoka lonyamulidwa pa njinga kupita nalo kokachajitsa. Ndipo apa ndi pamene nkhani ya ukulu wa mabokosi iyambira, cifukwa ambiri a ife timaganiza kuti makolo athu anali kungokonda zinthu zazikulu kuti aoneke.

Ampulifaya wamba yosewenza pa batire la 12 volts inali kutulutsa mawati 4 kapena 5 cabe. Ndi mphamvu yocepa coteroyo, phokoso lonse lidalira sipika. Masipika amasiyana pa kuculuka kwa phokoso limene amatulutsa ukawapatsa wati imodzi. Ang'onoang'ono ambiri a m'nyumba amapereka cha m'ma 86 dB ukaima mita imodzi kutsogolo kwake. Sipika ya mainchesi 12 kapena 15, ya pepala lopepuka, yoikidwa m'bokosi lalikulu, itha kufika 96 dB. Kusiyana kwa 10 dB kumeneku kutanthauza mphamvu yowirikiza ka 10. Kunena kwina, mawati 5 pa bokosi lalikulu lija amalira ngati mawati 50 pa kabokosi kakang'ono. Akatswiri ali ndi lamulo limene analicha dzina la Josef Anton Hofmann, mmodzi mwa amene anayambitsa kampani ya KLH: pa zinthu zitatu izi, bokosi laling'ono, besi yakuya, ndi kusadya mphamvu, ungatenge ziwiri zokha. Ku America, Edgar Villchur atatulutsa AR-1 mu 1954, ambiri anasankha bokosi laling'ono ndi besi yakuya, n'kulipira ndi mawati, popeza malaiti anali nao. Ku Petauke kunalibe mawati olipirira. Malo m'nyumba ndiwo analipo, ndi matabwa.

Maina amene osunga zakale amalimbirana lero, monga Klipsch Cornwall ya mu 1959, JBL L100 ya mu 1970 ndi Pioneer HPM-100 ya mu 1976, anali a anthu ocepa a m'tauni, aja oyenda kunja kapena ogula kwa mzungu wa pa mgodi amene akubwerera kwao. Mtengo wa kopa utagwa mu 1975, ndalama zakunja zinasowa ndipo katundu wotere anazimiririka m'masitolo. Kum'mawa bokosi linali kupangidwa ndi kalipentala yemwe uja wopanga zitseko ndi mabenci a m'chalichi. Mwini anali kubweretsa sipika yokha, yocotsedwa m'rediyogilamu yakufa kapena yogulidwa ku Lusaka, kalipentala n'kuboola bowo lozungulira pa thabwa, n'kukhoma bokosi, n'kukuta kutsogolo ndi nsalu kapena waya wa sefa. Amene analibe ya matabwa anali kukhazika sipika pakamwa pa mtsuko, pa cigubu kapena pa mgolo.

Mtsukowo tisauseke. Pepala la sipika likamakankha mpweya kutsogolo, kumbuyo limaukoka. Pa mau otsika, awiriwa amakumana m'mbali n'kuphana, ndiye cifukwa cake sipika yogwiridwa m'manja imalira ngati citini. Nsambo yotsikitsitsa ya gitala ya besi imanjenjemera ka 41 pa sekondi, ndipo funde lake ndi lotalika mamita oposa 8. Kasipika kopanda nyumba sikangaligwire. Ukatsekera kumbuyo kwake mumtsuko, besi imabwerera. Dongo loocha ndi lolemera ndipo silinjenjemera ngati thabwa lopyapyala. Agogo amene anaumba mtsuko wa madzi anali atapanga kale cimene mafakitale amavutika naco.

Kodi mabokosi amenewa anali kumveka bwino? Tikawayesa ndi makina a masiku ano, ambiri angagwe. Besi inali kugunda malo amodzi, mau apamwamba anali ocepa, ndipo ukakweza kwambiri ampulifaya inali kusasa mau. Koma Zamrock inali kale nyimbo yosasa. Gitala ya fuzz ya a Paul Ngozi, ng'oma zouma za a Chrissy Zebby Tembo, mau a a Jagari, zonsezi zimakhala pakati, pomwe pepala lalikulu lopepuka limalira mwamphamvu. Komanso omverawo anakulira pa ng'oma zenizeni. Kwa iwo nyimbo yosamveka pacifuwa inali isanayambe. Sipika yabwino inali imene anthu a mudzi wa kutsidya kwa dambo aimva n'kudziwa kuti lero kuli sandauni.

Sandauni ndiyo inali holo ya kumudzi. Mwini coimbira anali kumanga mpanda wa udzu, kutulutsa mabokosi panja, kulipiritsa pakhomo, n'kugulitsa mowa, nkhuku ndi mabanzi mkati. Wofuna kuti nyimbo yake ibwerezedwe anali kuponya ndalama, wina n'kuponya yoposa kuti icotsedwe. Mbale imodzi inali kulira mpaka mizere yake itatha. Makolo ndi a chalichi anali kudandaula, ndipo nthawi zina anali ndi cifukwa, pakuti ndeu ndi mimba zinali kucokeranso komweko. Koma kumeneko ndi kumene ndalama za nshawa ndi cimanga zinali kukumana ndi nyimbo za ku Kitwe, ndipo banja la mwini mabokosi linali kupeza za fizi.

Cinthu cowawa n'cakuti mabokosi omwewa anathandiza kugwetsa magulu amene anawachukitsa. Cakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, asilikali a Rhodesia anali kuponya mabomba muno, boma linaletsa kuyenda usiku, ndipo mu 1979 milatho ingapo inaphulitsidwa, kuphatikizapo wa Chongwe pa msewu wathu womwewu wa Great East. Magulu anasowa koimba. Mwini bala amene ndalama zamuthina anawerengera: anyamata 5 ndi zida zao, kapena mnyamata mmodzi, mabokosi awiri ndi mbale za disco? Disco yoyendayenda inapambana. Kenako kunabwera kalindula, rhumba ya ku Zaire ndi makaseti okopera, ndipo matenda a Edzi anatenga oimba ambiri a m'badwo umenewo. A Paul Ngozi anamwalira mu 1989. A Jagari anakakumba miyala ya mtengo wapatali. Mabokosi sanalire maliro, anangosintha nyimbo.

Mbale zinapulumutsidwa ndi anthu akunja. Now-Again Records ya ku Los Angeles inatulutsanso nyimbo za WITCH mu 2012 ndi Welcome to Zamrock! mu 2017, filimu ya Gio Arlotta yonena za a Jagari inatuluka mu 2019, ndipo mu 2023 WITCH inatulutsa cimbale catsopano, Zango. Mbale zoyambirira zija zambiri zinakwera ndege, cifukwa mbale imalowa mu envulopu. Bokosi la mukwa lolemera ngati thumba la cimanga palibe amene analifuna. Ndiye lilipobe: kuseri kwa guwa m'chalichi, pakona pa bala ya pa Nyimba pomwe mabasi amaima kugula nthoci, m'nyumba ya ambuye momwe nkhuku yaliyesa cisa. Adani ake ndi ciswe, mphemvu, makoswe, ndi mdzukulu amene wabwera ndi sabuwufa ya pulasitiki yolembedwa 5000W PMPO, nambala imene ilibe tanthauzo lililonse, n'kunena kuti cakaleci cikhale nkhuni.

Tikalipeza, kudziwa ngati lili moyo sikufuna katswiri. Titenge batire limodzi la toci la 1.5 volts, tikhudzitse mawaya awiri a sipika kwa kanthawi kocepa. Ikati "phu" pepala n'kusuntha, koilo ili bwino. Tikankhe pepalalo pang'onopang'ono ndi zala zotambasula mozungulira pakati. Likamakhula, mkati mwapindika kapena mwalowa dothi. Tiyang'ane mkombero wake: wa siponji umafumbutuka pakapita zaka koma umasinthika, wa nsalu kapena wa pepala lopindapinda nthawi zambiri umakhalabe wolimba. Pong'ambika pang'ono pamamatika ndi guluu wa matabwa ndi kapepala kopyapyala. Ming'alu ya bokosi itsekedwe kuti mpweya usathawe. Tikatero, kaampulifaya ka mawati 10 kolumikiza ku foni n'kokwanira, bola tiyambe voliyumu ili pansi, pakuti pepalalo lakhala zaka pafupifupi 50 ndipo nyimbo yoyamba imene aliyense adzafuna kuikapo ndi ya a Paul Ngozi.