Gertrude Kamkwatira, Mkazi wa pa Bwalo la Masewero

Pali ntchito imene makolo sadaiwerengere mkazi, ndiyo kuimirira pa bwalo ndi kusewera pamaso pa khamu la anthu. M'midzi ya Achewa, gule wamkulu akafuna kuonetsa mkazi, monga Maliya, wovala chinyaucho ndi mwamuna ndithu. Ndipo si ife tokha ayi. Ku Japan, dziko la kutali kum'mawa, masewero otchedwa kabuki adayambidwa ndi mkazi, dzina lake Okuni, m'chaka cha 1603. Koma pofika 1629 olamulira adaletsa akazi pa bwalopo, nasiyira amuna kusewera za akazi.

Kwathu kuno mmodzi wa akazi amene adakankha chitseko chimenechi ndiye Gertrude Webster Kamkwatira, wobadwa cha m'ma 1966. Iye adakula pa ntchitoyi m'gulu la Wakhumbata Ensemble Theatre, limene Du Chisiza Jr adaliyambitsa mu 1987, gulu loyamba m'Malawi la anthu odya za thukuta la masewero. Pamene Chisiza adamwalira mu February 1999, mtolo wonse udagwera Gertrude, nautenga, natsogolera gululo. Pambuyo pake adachokako, nayamba gulu lake la Wanna-Do.

Iye sadangosewera chabe, komanso adalemba masewero m'Chingerezi. Mu It's My Fault adaika poyera nkhanza za m'banja, zimene ambiri amazibisa kuseri kwa chitseko. Mu Breaking the News adanena za matenda a Edzi, m'masiku amene maliro adachuluka m'midzi yathu. Anzake adamkhulupirira, namuika mtsogoleri wa National Theatre Association of Malawi. Adakhalanso wapampando wa COSOMA, bungwe loyang'anira kuti olemba ndi oimba alandire mphotho ya ntchito zawo, limene likulu lake lili ku Lilongwe. Koma mu 2006 imfa idamtenga, ali ndi zaka ngati 40 zokha.

Tsono tibwerere ku Japan, kumene chiletso chija chidatha kalekale, kuti tione chimene tidataya. Kumeneko kudali Mori Mitsuko, wobadwa mu 1920. Mbali yaikulu imene idamveketsa dzina lake, m'sewero la Hōrōki, adaipatsidwa mu 1961, ali ndi zaka 41. Adaisewera nthawi 2,017, kufikira mu 2009, ali nkhalamba ya zaka 89, namwalira mu 2012. Taonani, abale: pa msinkhu umene Mori adayamba kukolola, Gertrude wathu adali atagona kale.

Kodi kusiyana kwake kudali luso? Iyayi. Luso lilipo pakati pathu. Koma kuti munthu akalambe pa ntchito yotere pafunika moyo wautali, pafunikanso nyumba yosewereramo chaka ndi chaka, ndi anthu osaleka kudza kudzapenya. Pakuti sewero silili ngati nyumba ya njerwa imene iima yokha mwini wake atapita. Likhala ndi moyo pokhapokha pali ena olisewera.

Chifukwa chake, inu akuluakulu ndi amayi, mwana wanu wamkazi akasankhidwa kusewera ku sukulu, musafulumire kumtcha wopanda mwambo. Chisiza yemwe adayamba ali mwana wa sukulu ku HHI ku Blantyre. Akulu adati m'mera mpoyamba. Mwina mwa atsikana amenewo alipo wodzatsiriza zaka zimene Gertrude sadazione.