Kuyeza Mtunda wa Pakati pa Ziyankhulo: Mbiri ya Njira Zake ndi Umboni wa ku Mulanje

Aliyense amene wagwirapo ntchito yokonza ndondomeko ya ziyankhulo anafunsidwapo kuti: kodi chiyankhulo chakuti ndi chakuti nzotalikirana motani? Ofunsawo amafuna yankho la nambala, pakuti nambala ndiyo imaloŵa bwino m'malipoti a boma, ndiponso ndiyo imagamula ngati ana a madera aŵiri angaphunzire ndi buku limodzi kapena ayi. M'nkhani ino tilondola mbiri ya njira zoyezera mtunda umenewu. Mfundo yathu ndi yakuti pafupifupi njira zonsezi akatswiri a ziyankhulo anachita kubwereka ku maphunziro ena, ndipo iliyonse inafika itasenza maganizo a kwawo kumene inabadwira. Boma la Mulanje, kumene Chimang'anja, Chiyao ndi Chilomwe zakhala khomo ndi khomo kwa zaka zoposa zana limodzi, ndi malo abwino omasulirapo katundu ameneyu.

Masamu asanaloŵe m'nkhaniyi kunali kale mindandanda ya mawu. M'chaka cha 1854 Sigismund Koelle anasindikiza Polyglotta Africana, buku la mawu pafupifupi 300 m'ziyankhulo zoposa 100, amene anaŵatola kwa akapolo omasulidwa ku Freetown. Chimodzi mwa ziyankhulozo anachitcha Marawi. Harry Johnston, bwanamkubwa woyamba wa dziko lino, anatulutsa mabuku aŵiri oyerekeza ziyankhulo za Chibantu mu 1919 ndi 1922. Onse aŵiri ankaika mawu m'mizere ndi kuweruza ndi maso. Kufanana ankakuona, koma sankakupima.

Kupima kunayambira kwa anthu oyeza zigaza ndi matupi. Jan Czekanowski wa ku Poland, yemwe anayenda m'chigawo chapakati cha Africa kuyambira 1907, anafotokoza mu 1909 njira yophatikiza kusiyana kwa miyeso yambiri kuti kutuluke nambala imodzi, ndipo pambuyo pake anaiyesa pa ziyankhulo za ku Ulaya. Karl Pearson ku London anali ndi muyeso wake wa kufanana kwa mafuko. Sitibisa kuti ntchito yambiri ya nthaŵi imeneyo inkatumikira maganizo osanja mitundu ya anthu, amene sayansi inaŵataya kalekale. Komabe m'bwalo lomwelo munatuluka nzeru imodzi yokhalitsa. Mu 1936 P. C. Mahalanobis wa ku Calcutta anasonyeza kuti miyeso imene imayendera limodzi siyenera kuŵerengedwa ngati mboni zosiyana. Munthu wa miyendo yaitali amakhalanso ndi mikono yaitali; tikaŵerenga zonse ziŵiri mokwanira, ndiye kuti chinthu chimodzi tachiŵerenga kaŵiri. Muyeso wa Mahalanobis lero ukugwira ntchito m'zachipatala, m'zaulimi ndi pomasulira zithunzi za nthaka zojambulidwa kuchokera mumlengalenga. Tidzaufuna posachedwa.

Njira imene inatchuka kwambiri pakati pa akatswiri a ziyankhulo ndi ya Morris Swadesh ya m'zaka za m'ma 1950. Iye anasankha matanthauzo 200, kenaka 100, amene ankakhulupirira kuti sabwerekedwa wamba: munthu, madzi, mvula, diso, moto. Woyeza amaŵerenga kuti ndi mawu angati a ziyankhulo ziŵiri amene ali a muzu umodzi, ndipo otsalawo ndiwo mtunda. Ganizo lakuti mawu amafwifwa pa liŵiro losasintha analitengera kwa akatswiri opima zaka za mafupa ndi makala akale, motero kunaŵerengedwa kuti pa mawu 100 a mndandanda waufupiwo, 86 amatsala pakatha zaka 1,000. Mu 1962 Knut Bergsland ndi Hans Vogt anagwetsa liŵiro limeneli poonetsa kuti chiyankhulo cha ku Iceland chinasunga mawu ochuluka kuposa pamenepo. Kuŵerenga zaka kunafooka, koma kuŵerenga mawu a muzu umodzi kunapitirira.

Kwa ife a ziyankhulo za Chibantu, mzere wa mbiriyi ukudzera kwa Malcolm Guthrie. Magulu ake a 1948, amene anaŵakonzanso mu Comparative Bantu pakati pa 1967 ndi 1971, ndiwo anapatsa Chinyanja, Chicheŵa ndi Chimang'anja chizindikiro cha N31, Chiyao P21, Chimakua P31 ndi Chilomwe P32. Zizindikirozi zinali za malo koposa za chibale, ngakhale ambiri amaziŵerenga ngati mtengo wa banja. Pamene Robert Sokal ndi Peter Sneath anatulutsa buku lawo la 1963 losanja zamoyo ndi masamu, ndipo Masatoshi Nei anapereka mu 1972 muyeso wa mtunda wa chibadwa pakati pa magulu a zamoyo, njira zojambulira mitengo zinasefukira kwathu. Alick Henrici anaziyesa mu 1973 pa ziyankhulo 28 zimene Guthrie anazisankha. Mu 1999 Yvonne Bastin, André Coupez ndi Michael Mann anasindikiza ku Tervuren zotsatira za mndandanda wa mawu 92, ndipo mu 2015 Rebecca Grollemund ndi anzake anajambula mtengo wa ziyankhulo 424. Mlendo amadzadi ndi kalumo kakuthwa. Koma mtengo wa akatswiri a zamoyo uli ndi lamulo lake lakuti nthambi zikasiyana sizikumananso, ndipo Mulanje ndi malo kumene nthambi zinakumana.

Tiyeni titenge mawu oŵerengeka. Chimang'anja chimati munthu, madzi, mvula, mbuzi, Mulungu. Chiyao chimati mundu, mesi, ula, mbusi, Mlungu. Chilomwe chimati muchu, maahi, epula, epuri, Muluku. Pa muyeso wa Swadesh mawu onseŵa ndi a mizu yofanana, choncho pa mawu asanuŵa mtunda palibe. Koma mwana wa Chimang'anja amene sanamvepo Chilomwe sangazindikire mbuzi mu epuri, kapena madzi mu maahi. Muyesowu ukunena zoona za makolo a mawu, ndipo uli chete pa za khutu la mwanayo.

Pofuna kutseka mpata umenewu akatswiri anabwerekanso kwina. Mu 1965 Vladimir Levenshtein wa ku Moscow, pofufuza za kukonza zolakwika m'mauthenga a makina, anafotokoza mtunda wa mizere iŵiri ya zizindikiro monga chiŵerengero chochepetsetsa cha kuchotsa, kuwonjeza kapena kusintha chizindikiro kuti mzere wina usanduke unzake. Akatswiri a zamoyo ali ndi njira zapachibale ndi imeneyi zoyerekezera DNA. Brett Kessler anaigwiritsa ntchito mu 1995 pa kayankhulidwe ka madera a ku Ireland, ndipo John Nerbonne ndi Wilbert Heeringa ku Groningen anaikulitsa. Tikaiyesa pa malembo athu, mvula ndi epula zitalikirana masitepe 2, Mulungu ndi Muluku masitepe 2, mbuzi ndi epuri masitepe 3 pa malembo asanu. Apa ndiye Mahalanobis akubweranso. Gawo lalikulu la kusiyanaku ndi kusintha kumodzi kokha: m'Chilomwe ndi m'Chimakua liwu la m'mphuno linagwa patsogolo pa b, d ndi g, ndipo maliwu otsalawo anauma nakhala p, t ndi k. Lamulo limodzi limeneli limaonekera m'mawu ambirimbiri, ndipo makina amalilipiritsa paliponse pamene laonekera, ngati kuti ndi milandu yosiyana. Munthu wamkulu akangoligwira lamuloli mawu ochuluka amatseguka nthaŵi imodzi, chinthu chimene nambala ija singalosere.

Pali chodabwitsa china. Ku Botswana mvula amati pula. Pa muyeso wa Levenshtein epula ali sitepe imodzi yokha kuchokera ku pula, pamene kuchokera ku mvula ali masitepe aŵiri, ndiye kuti pa liwu limeneli Chilomwe cha ku Muloza chayandikira Gaborone kuposa mudzi woyandikana nawo. Sikuti nzangozi chabe ayi, pakuti Chitswana ndi Chisutu zinadutsa m'kusintha kofananako, ndipo Tore Janson analembapo za kufanana kumeneku kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990. Kwa wolemba mbiri ya ziyankhulo iyi ndi nkhani yokoma zedi. Wolemba mabuku a Sitandade 1 sapezapo kanthu.

Njira yachitatu inamangidwa pa mapu. Sewall Wright anafotokoza mu 1943 kuti magulu a zamoyo amasiyana chibadwa molingana ndi kutalikirana kwa malo awo. Jean Séguy wa ku Toulouse, pomaliza mabuku a mapu a kayankhulidwe ka ku Gascogne, anapeza zofananako mu 1971: kusiyana kwa mawu kumakula msanga pa midzi yoyandikana, kenaka kumakula pang'onopang'ono mtunda ukamatalika. Hans Goebl anapitiriza ntchitoyi mu 1984. Tsono ofufuza a ku Ulaya ankasankha dala nkhalamba zimene zinabadwira m'mudzimo ndipo sizinasamukepo. Njira yonseyo yatsamira pa anthu okhazikika.

Mbiri ya Mulanje ndi ya anthu oyenda. Amang'anja anapezedwa m'chigwa ndi Ayao m'zaka za m'ma 1860, ndipo mafumu monga Matipwiri, Mkanda ndi Chikumbu anagwira njira za malonda zozungulira phiri, kufikira pamene boma la Atsamunda linamanga Fort Lister mu 1893. Tiyi anabzalidwa kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1890. Kuyambira kumapeto kwa zaka zomwezo Alomwe anayamba kuwoloka Ruo ndi Muloza mwaunyinji, kuthaŵa misonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi, nakhala pa minda ya Azungu pansi pa thangata kapena pa malo amene mafumu anaŵapatsa. Sanabwere ngati gulu limodzi: kunali Amihavani, Amanyawa, Amarenje, Atakhwani, Akokhola ndi ena, aliyense ndi kayankhulidwe kake. Amene anaika banja lakuti pamalo pakuti anali kapitawo wa esiteti, njala ya chaka chimenecho, kapena ukwati wa chikamwini. Motero midzi iŵiri yomwera chitsime chimodzi ingathe kusiyana kwambiri, pamene mudzi wa pafupi ndi Limbuli ungafanane ndi wina wa kutsidya kwa Milange. Ngakhale makilomita enieniwo ngonyenga: phiri lotalika mamita 3,002 pa Sapitwa lili pakati, ndipo mzere woongoka wa pa mapu si njira imene munthu wopita kumsika amayenda.

Kukhalira pamodzi kunabala chinthu china chimene mndandanda wa mawu sutha kusiyanitsa. Wofufuza akafunsa mayi wa ku Chonde liwu lakuti, nalandira liwu la Chicheŵa, kodi alembe kuti ziyankhulo ziŵirizi nzapachibale pa liwulo, kapena kuti liwulo linabwerekedwa, kapena kuti mayiyo waiŵala la makolo ake? Pa pepala zonse zitatu zimaoneka chimodzimodzi, ndipo zonse zimafupikitsa mtunda. Ziŵerengero za kalembera zikusonyeza kukula kwa vutoli. Mu 1966 anthu 14.5 pa 100 aliwonse m'Malaŵi anati chiyankhulo chawo cha pakhomo ndi Chilomwe, ndipo chinali chachiŵiri m'dziko. Mu 1998 anali 2.4 okha. Mu 2018 anthu 18.9 pa 100 aliwonse anadzitcha Alomwe pa mtundu. Mafunso a makalembera atatuŵa sanali ofanana ndendende, komabe chithunzi chake nchosabisika, ndipo Alfred Matiki ndi Edrinnie Kayambazinthu anafotokoza kusamuka kumeneku m'zolemba zawo za m'ma 1990. Zifukwa zake sizili m'maliwu. Dzina lonyoza lakuti Anguru, limene Lewis Bandawe ndi bungwe lake la 1943 analimbana nalo mpaka boma linalisiya, linaphunzitsa makolo ambiri kubisa chiyankhulo chawo kwa ana. Chigamulo cha 1968 chokweza Chicheŵa chinapeza ntchitoyo itayambika kale. Jouni Maho, pokonzanso magulu a Guthrie mu 2009, anapatsa Chilomwe cha ku Malaŵi chizindikiro chakechake cha P331. Mtunda wa pakati pa Chilomwe ndi Chicheŵa ku Mulanje wakhala ukufupika m'zaka zana zapitazi, osati chifukwa chakuti mizu inasintha, koma chifukwa mbali imodzi inasendera.

Apa tafika pa lamulo limene miyeso yonse tatchulayi imagwirizanapo, kuyambira kwa Czekanowski mpaka kwa Levenshtein: mtunda wochokera pa A kufika pa B ndi wofanana ndi wochokera pa B kufika pa A. M'masamu lamuloli silikambirana. Pa msika wa Chitakale siligwira. Wolankhula Chilomwe amamva Chicheŵa chonse, pamene Mmang'anja woyandikana naye angathe kukalamba akudziŵa moni yekha wa Chilomwe. Kumva kumatsata sukulu, wailesi, tchalitchi ndi ulemu umene chiyankhulo chimapatsidwa. Pamene Unduna wa Maphunziro unalamula mu 1996 kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chiyankhulo cha kwawo, funso lenileni ku Mulanje linali lakuti mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi amafika pasukulu akumva chiyani, ndipo funso lomwelo linatsala pamene boma linalengeza mu 2014 kuti Chingerezi chiyambire Sitandade 1. Chiyambire kukhazikitsidwa kwa Mulhako wa Alhomwe ku Chonde mu 2008, pabuka funso lachiŵiri: ofuna kubwezeretsa chiyankhulo alembe kayankhulidwe kati mwa tonse tija?

Mafunso aŵiriŵa safuna chida chimodzi. Loyamba limafuna mayeso a kumva, oyesedwa mbali zonse ziŵiri, monga aja anayamba kuyesedwa pa ziyankhulo za Amwenye a ku America m'zaka za m'ma 1950, pamene womvera amamvetsera nkhani yojambulidwa ndi kuyankha mafunso. Lachiŵiri ndilo lingapindule ndi njira za Séguy ndi Levenshtein, malinga ngati kusintha kwa maliwu kobwerezabwereza kuŵerengedwa kamodzi, mawu obwereka aikidwa padera, ndipo pambali pa liwu lililonse palembedwa zaka za woyankha, kumene agogo ake anachokera, ndi chaka chimene banjalo linawoloka Ruo.