Nyika: Bata Limene Lili ndi Mbiri Yake

Ambiri a ife tikapita kumudzi ndi ana athu obadwira kunja kuno, timafuna kuti akaone ndi maso nyama zimene amangoziona pa kanema. Olimba mtima timafika mpaka ku Nyika. Kuchoka pa boma la Rumphi, galimoto imalowa pa chipata cha Thazima n'kukwera msewu wafumbi kwa maola angapo isanafike ku Chelinda. Kumtunda kumeneko kuli zitunda za udzu wokhawokha, mbidzi, ntchefu ndi chilembwe. Kuli zii, moti mlendo amayesa kuti chilengedwere munthu sanakhaleko. Koma mbiri ikunena zina.

Atsamunda asanabwere, Aphoka ankasungunula chitsulo m'mapiri amenewa, ndipo zotsalira za ng'anjo zawo zilipobe. Pa thanthwe la Fingira pali zojambula za anthu akale, pamene kanyanja ka Kaulime kankalemekezedwa ngati malo a mizimu.

Mu 1949 boma la Britain linatuma Laurens van der Post kukayendera derali, ndipo buku lake la mu 1952, Venture to the Interior, linatchukitsa Nyika ku Ulaya. M'zaka za m'ma 1950 bungwe la Colonial Development Corporation linabzala mitengo ya paini ku Chelinda. Mthunzi umene alendo amaukonda kumeneko ndi wa mitengo yobwera. Mu 1965, patangotha chaka chilandirire ufulu, Nyika inakhala paki yoyamba ya dziko lathu. Mu 1978 boma la Dr Kamuzu Banda linakuza malire ake mpaka kupitirira masikweya kilomita 3,000. Midzi imene inapezeka mkati mwa malire atsopanowo inasamutsidwa. Anthu anasiya minda, manda a makolo awo ndi nkhalango zimene ankafulamo uchi. Masiku amenewo lamulo la boma silinkatsutsidwa.

Kuteteza Nyika kunali koyenera, pakuti mitsinje monga North Rukuru ndi North Rumphi, imene anthu a ku Karonga ndi ku Rumphi amadalira, imayambira komweko. Koma mtengo wake analipira ndi anthu a m'midzi ija.

Ife amene tinachoka kwathu mwa kufuna kwathu tikudziwa mmene kusiya mudzi kumawawira. Nanji amene anachita kuchotsedwa. Choncho ana akamajambula mbidzi ku Chelinda, tiwauzenso za Aphoka. Pobwerera tiime m'midzi ya kunja kwa chipata, tipereke moni kwa akuluakulu, tigule uchi wawo, ndipo tiwafunse kumene makolo awo anagona.